Piritsi limodzi, mitengo iwiri: akhalapakati a mankhwala ndi odwala khansa ku America

Mu Januwale 2022 mpondamatiki wina wa ku America, Mark Cuban, adatsegula famase ya pa intaneti yotchedwa Cost Plus Drugs. Pa mndandanda wa mitengo yake padali mzere umodzi womwe udasiya anthu kukamwa kuli yasa. Mankhwala a imatinib, omwe amamwa odwala khansa ina ya m'magazi, adawaika pa madola 47 a mwezi wathunthu, ndipo pambali pake adaonetsa mtengo womwe mankhwala omwewo ankalembedwa kwina: madola 9,657. Cuban sadali kugawa zachifundo ayi. Kawerengedwe kake adakaika poyera: mtengo womwe waodera, kuonjezapo 15 peresenti, kuonjezaponso kangachepe ka ntchito ya wa m'famase ndi kotumizira. Ndiye kuti pa madola 47 paja phindu lake lidali momwemo kale.

Nanga ngati wogulitsa akupindula pa madola 47, masauzande enawo amalowa m'thumba la yani? Funsoli silingayankhidwe popanda kudziwa makampani ena omwe anthu ambiri a ku America sadziwa n'komwe kuti mankhwala awo amadzera m'manja mwawo, ngakhale dzina la kampaniyo limakhala litalembedwa pa khadi lawo la inshuwalansi. Amatchedwa pharmacy benefit managers, mwachidule PBM. Ine ndiziwatchula akhalapakati, ngakhale mawuwa akuwakomera mopyola. Paja mkhalapakati timamudziwa ngati munthu wopanda mbali, woyanjanitsa awiri omwe sakumvana. Awa ali ndi mbali, ndipo nthawi zina amakhala mbali zonse ziwiri za tebulo nthawi imodzi.

Ku America munthu sapita ku chipatala cha boma n'kukalandira mankhwala pawindo ulere. Ambiri ali pa inshuwalansi ya kuntchito, a zaka 65 kupita mtsogolo ali pa ndondomeko ya boma ya Medicare, osauka ali pa Medicaid. Koma kampani ya inshuwalansi, kapena bwana amene akulipirira antchito ake, sakhala pansi ndi famase iliyonse kapena fakitale iliyonse ya mankhwala. Ntchito imeneyo amaipereka kwa PBM. Iye ndi amene amalemba mndandanda wa mankhwala omwe inshuwalansi ilipire, womwe amautcha formulary. Iye ndi amene amanenerera mitengo kwa opanga mankhwala. Amasankhanso mafamase omwe wodwala angakatengeko mankhwala, n'kugamula ndalama yomwe famase iliyonse ilandire. Wa m'famase akangolemba dzina lanu pa kompyuta, yankho loti "lipirani zakuti" kapena "takana" limachokera kwa iye.

Poyamba idali ntchito ya ukalaliki basi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya PCS ya ku Arizona idabweretsa kakhadi ka pulasitiki koti wodwala azionetsa ku famase m'malo mosunga malisiti n'kumakapempha kuti amubwezere ndalama. Kukula kudabwera ndi kumezana. Mu 2007 CVS, mwini wa mafamase masauzande, idaphatikizana ndi mkhalapakati wotchedwa Caremark. Mu 2012 mkhalapakati wina, Express Scripts, adagula mnzake Medco. Mu 2015 Optum, ya m'banja la kampani ya inshuwalansi ya UnitedHealth, idagula mkhalapakati winanso wotchedwa Catamaran. Kenako 2018 idamaliza nkhani: CVS idagula kampani ya inshuwalansi ya Aetna, Cigna, ya inshuwalansinso, n'kugula Express Scripts, uliwonse mwa malonda awiriwa wa ndalama zoyandikira madola 70 biliyoni. Lero CVS Caremark, Express Scripts ndi Optum Rx, atatu okhawa, amayendetsa pafupifupi 80 peresenti ya mankhwala onse omwe madokotala amalembera anthu m'dzikomo. Aliyense mwa atatuwa ali m'nyumba imodzi ndi kampani ya inshuwalansi, ndipo aliyense ali ndi famase yakeyake ya mankhwala odula: CVS Specialty, Accredo ya Express Scripts, ndi Optum Specialty Pharmacy.

Mfundo yomalizayi ndiyo yofunika kuigwira, chifukwa pa nkhani ya khansa mpomwe pagona mphamvu yawo.

Banyira wopita kwa wotumidwa

Anthu akamadandaula za PBM amayambira pa ndalama yomwe imatchedwa rebate. Wopanga mankhwala amaika mtengo wolembedwa, wokwera. Kenako amauza mkhalapakati kuti, ukaika mankhwala anga pamalo abwino pa mndandanda wako, ndidzakubwezera gawo lakuti la mtengowo. Zili ngati mwatuma munthu ku msika, wogulitsa tomato n'kumuikira banyira wambiri kuti mawa adzabwerenso kwa iye yemweyo. Banyirayo akafika kunyumba palibe vuto. Koma wotumidwa akakhala kuti amatapako, kapena malipiro ake amawerengedwa potengera kukula kwa mtengo, sipatenga nthawi kuti ayambe kukonda wogulitsa wodula wa banyira wamkulu kuposa wotchipa wopanda banyira. Bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, Federal Trade Commission kapena FTC, lidasumira atatuwa mu Seputembala 2024 pa mlandu woterewu wokhudza insulin, mankhwala a shuga.

Akhalapakati amayankha kuti banyirayo amakafika naye kunyumba, ndipo ali ndi umboni wina. Ofesi ya boma yofufuza kayendetsedwe ka ndalama, GAO, idapeza mu 2019 kuti pa mankhwala a Medicare m'chaka cha 2016 iwo adasunga zosakwana 1 peresenti ya ndalama zobwezedwazo. Zotsalazo zidapita kwa a inshuwalansi, omwe amati amachepetsera ndalama yomwe aliyense amasonkha pamwezi. Vuto lili apa: wodwala amene akulipira gawo la mtengo pawindo amawerengeredwa pa mtengo ndalama ija isadabwezedwe. Odwala kwambiri ndi amene amabala banyirayo, koma amadyedwa ndi gulu lonse, kuphatikizapo omwe sadwala. Inshuwalansi idapangidwa kuti athanzi athandize odwala. Pamenepa ndalama ikuyenda chobwerera. Chinanso, kuyambira 2019 atatuwa adatsegula makampani ena apadera oti azikambirana za ndalama zobwezedwazi: Ascent ya Express Scripts ku Switzerland, Emisar ya Optum ku Ireland, ndi Zinc ya CVS. Makampaniwa amalandira kwa opanga mankhwala ndalama zomwe sizitchedwa rebate koma malipiro a ntchito, ndipo chomwe sichitchedwa banyira sichiwerengedwa pa banyira wofika kunyumba.

Komabe pa khansa nkhani ya rebate si yaikulu monga ambiri amaganizira. Malamulo a Medicare adaika mankhwala a khansa ngati limodzi mwa magulu 6 otetezedwa, omwe inshuwalansi iyenera kulipira pafupifupi onse. Komanso mankhwala ambiri a khansa alibe mnzake wolowa m'malo mwake ndendende. Wopanga amene akudziwa kuti simungamukane alibe chifukwa choperekera banyira wamkulu. Pomwe pali mpikisano, monga pa mankhwala atatu ofanana a khansa ya m'mawere, Ibrance wa Pfizer, Kisqali wa Novartis ndi Verzenio wa Eli Lilly, mkhalapakati amatha kukondera mmodzi pa inshuwalansi za kuntchito, dokotala n'kumalemba makalata opempha winayo. Koma ndalama zenizeni pa khansa mkhalapakati amazipeza pena.

Mwini sikelo ndi mwini golosale

Mbiri ya imatinib ikuonetsa bwino. Mankhwalawa adavomerezedwa mu Meyi 2001 ndi dzina la Gleevec, a kampani ya Novartis, pambuyo pa ntchito ya dokotala Brian Druker wa ku Oregon ndi anzake. Khansa ya m'magazi yotchedwa CML, yomwe inkapha anthu ambiri pasadathe zaka zochepa, idasanduka matenda oti munthu akhala nawo mpaka kukalamba bola azimwa piritsi tsiku ndi tsiku. Mtengo udayambira pa madola pafupifupi 26,000 pachaka, n'kumakwerakwera mpaka kupitirira 120,000 pofika 2016. Mlandu umenewo ngwa wopanga, mkhalapakati tisamunamizire. Mu Febuluwale 2016 kampani ya Sun Pharma ya ku India idatulutsa imatinib wa generic, kutanthauza mankhwala omwewo opangidwa ndi kampani ina chilolezo cha mwini wake yekha chitatha. Makampani ena adatsatira, mtengo woodera n'kugwa pansi.

Ife zimenezi si zachilendo. Mu 2001 kampani ya Cipla, ya ku India komweko, idalengeza ma ARV a madola 350 pachaka pomwe a makampani oyambitsa ankadutsa madola 10,000, ndipo kugwa kwa mitengo kotereku ndi kumene kudachititsa kuti mankhwalawa afike m'zipatala za m'midzi mwathu. Generic akabwera mtengo umagwa, wodwala amapuma. Ndi mmene zimayenera kukhalira.

Ku America kwa odwala ambiri a imatinib kupumako kudachedwa. Mkhalapakati ndi amene amagamula kuti mankhwala akuti ndi "apadera", omwe amati specialty. Palibe tanthauzo limodzi la mawuwa lomwe onse amatsata. Jakisoni wofuna firiji ndi kuyang'aniridwa mosamala akhoza kukhala wapadera, komanso piritsi wamba lokhala m'kabotolo pa shelefu likhoza kulembedwa chimodzimodzi. Mankhwala akangotchedwa apadera, mgwirizano wa inshuwalansi nthawi zambiri umakakamiza kapena kukankhira wodwala ku famase ya apadera ya mkhalapakati yemweyo. Ndipo amene amagamula kuti famaseyo ilipidwe zingati ndi mkhalapakati yemweyonso. Ndalama yolipirayo si yake, nja bwana wa kampani, nja boma, nja wodwala. Wagwira sikelo, golosale ndi yake, ndipo wakuuzani kuti kwina musakagule.

Wina angafunse kuti bwana wolipirayo saona? Amaonetsedwa pepala losiyana. Migwirizano yambiri imalonjeza kuchotsera pa mtengo wina wongolembedwa m'mabuku wotchedwa AWP, womwe a mu ntchitoyi eniake amauseka kuti ndi mtengo womwe palibe amalipira. Mankhwala a generic akhoza kukhala ndi AWP ya masauzande pomwe famase ikuwaoda pa madola makumi ochepa. Mwachitsanzo chabe, AWP ikhale madola 9,000, mkhalapakati n'kuuza bwana kuti takuchotserani 30 peresenti. Bwana aona kuti wapulumutsa madola 2,700 ndipo athokoza. Walipira 6,300 pa katundu yemwe mwina adaodedwa pa ndalama yosakwana 100. Kuonjezera apo lonjezo la kuchotseralo limawerengedwa pa dengu lonse la mankhwala mazanamazana, kotero kuti ochepa odula mopyola amabisala pakati pa ambiri otchipa.

FTC idayamba kufufuza makampaniwa mu Juni 2022, pansi pa utsogoleri wa Lina Khan. Lipoti lake loyamba, la mu Julayi 2024, lidatenga mankhwala awiri okha a khansa ngati chitsanzo: imatinib, ndi abiraterone wa khansa ya prostate, yemwe dzina lake loyamba ndi Zytiga. Lidapeza kuti pasadathe zaka 3 mafamase a akhalapakati atatuwa adalandira pafupifupi madola 1.6 biliyoni pamwamba pa mtengo woodera womwe boma limapeza pofunsa mafamase. Mankhwala awiri okha. Lipoti lachiwiri, la mu Januwale 2025, lidaunika mankhwala apadera a generic 51, a khansa, a HIV, a omwe adaikidwa ziwalo za ena, n'kupeza madola oposa 7.3 biliyoni pamwamba pa mtengo woodera pakati pa 2017 ndi 2022. Lidaonanso kuti pa mankhwala ambiri mafamase a akhalapakati ankalipidwa zambiri kuposa mafamase a anthu ena pa katundu yemweyo, ndipo mankhwala a phindu lalikulu ndi omwe ankathera kwambiri ku mafamase awo.

Makampaniwo adakana. Express Scripts idafika posumira FTC mu Seputembala 2024 kuti ichotse lipoti loyamba lija. Mfundo yawo njakuti ofufuza adatola mankhwala ochepa ogwirizana ndi nkhani yomwe ankafuna, pomwe pa dengu lonse iwo amatsitsa ndalama zomwe makasitomala awo akadalipira. Pa dengu lonse mwina akunena zoona. Kungoti wodwala CML sagula dengu. Amagula kabotolo kamodzi komweko mwezi ndi mwezi moyo wake wonse.

Zomwe zimafika pa thumba la wodwala

Momwe mtengo wokwezedwawu umamupwetekera munthu zimatengera inshuwalansi yake. Ambiri amayamba chaka ndi ndalama yoti alipire okha inshuwalansi isadayambe kuthandiza, yomwe amati deductible, ndipo kwa ena imafika masauzande a madola. Ikatha imeneyo, pa mankhwala apadera salipira kandalama kokhazikika koma gawo la mtengo; mu Medicare gawoli limakhala pakati pa 25 ndi 33 peresenti. Mkhalapakati akalemba madola 6,000, wodwala wa 25 peresenti apereka 1,500 mwezi umenewo. Akadalemba 100, akadapereka 25. Amene inshuwalansi yake imamulipiritsa kandalama kokhazikika saimva pawindo, koma ndalamayo imamupeza m'njira zina: zosonkha pamwezi zimakwera, bwana amachepetsa zokweza malipiro, msonkho umapita ku Medicare ndi Medicaid.

Ofufuza a ku University of Pennsylvania, motsogozedwa ndi Jalpa Doshi, adaunika zomwe zimachitika wodwala khansa akauzidwa ndalama yoti alipire pa mapiritsi omwe angolemberedwa kumene. Zotsatira zake zidatuluka mu Journal of Clinical Oncology mu 2018. Mwa omwe adafunsidwa madola 10 kapena kucheperapo, mmodzi mwa 10 aliwonse sadawatenge mankhwalawo. Mwa omwe adafunsidwa zoposa madola 2,000, pafupifupi theka adawasiya. Awa ndi anthu omwe ali ndi inshuwalansi, dokotala walemba, inshuwalansi yavomera, mankhwala alipo, koma abwerera chimanjamanja. Madokotala a khansa kumeneko adafika polipatsa dzina vutoli, financial toxicity, kusonyeza kuti bilu ya mankhwala imamudwalitsa munthu monga momwe amachitira mankhwala amphamvu osanzitsa ndi kuthothola tsitsi.

Pali msampha wina womwe umagwira omwe akumwa mankhwala atsopano, opanda generic. Opanga mankhwala amapereka makadi othandiza wodwala kulipira gawo lake, osati chifukwa cha chifundo chokha, komanso kuti asasiye mankhwala awo odula. Kale ndalama ya pa khadiyo inkawerengedwa ngati wodwala walipira yekha, deductible n'kutha msanga. Akhalapakati adabweretsa njira yomwe amati copay accumulator: ndalama ya pa khadi ailandira, koma saiwerengera. Khadi likatha pakati pa chaka, wodwala amapeza kuti deductible yake ikadali yathunthu ngati sadalipirepo kanthu. Njovu ziwiri zikulimbana pa mtengo wa mankhwala, wopondedwa ndi amene ali ndi chotupa.

Masiku otayika

Ndalama tingaziwerenge. Chovuta kuwerenga ndi nthawi, ndipo madokotala a khansa amadandaula za nthawi kuposa za ndalama. Dokotala akalemba mankhwala odula, inshuwalansi imafuna kuyamba yavomereza, zomwe amati prior authorization. Namwino kapena kalaliki amadzaza mafomu, kutumiza zotsatira za kupima, kudikira. Akakana, kuchita apilo, dokotala kusiya odwala pa mzere n'kukaimba foni. Nthawi zina amauzidwa kuti wodwala ayambe wayesa mankhwala ena otchipa, akalephera ndiye apatsidwe omwe dokotala adafuna. Pa matenda a chilungulira njira imeneyi ingamveke. Pa khansa kulephera kwa mankhwala kumatanthauza kuti chotupa chakula.

Zipatala zambiri za khansa zili ndi kafamase kawo momwemo, pomwe wodwala akadatuluka kwa dokotala n'kulandira kabotolo tsiku lomwelo, wa m'famase ataona kale faelo yake. Mkhalapakati akalamula kuti mankhwala achokere ku famase yake yotumiza pa mtokoma, pepala lija limasamutsidwa. Famaseyo iimbira wodwala foni, mwina nambala yosadziwika yomwe wokalamba sayankha. Atsimikizire adiresi, alipire gawo lake, asankhe tsiku, phukusi linyamuke. Masiku amapita, nthawi zina masabata. Ndiye mankhwala a khansa sakhala pa mlingo umodzi. Magazi akatsika, chiwindi chikadandaula, dokotala amachepetsa mlingo kapena kuimitsa. Famase yakutali yomwe sidamve za kusinthako imatumiza kabotolo kena ka masiku 30 ka mlingo wakale. Mankhwala akatuluka m'famase sabwezedwa pa shelefu. Mapiritsi a madola masauzande amathera m'kabati, ndipo adalipiridwa kale.

Mankhwala a diripi kale sankadzera kwa akhalapakati. Chipatala chinkagula chokha, kusunga, kusakaniza tsiku lomwelo malinga ndi sikelo ya wodwala ndi zotsatira za magazi za m'mawa umenewo, kenako n'kutumiza bilu. Tsopano a inshuwalansi ena amalamula kuti mankhwalawo atumizidwe kuchokera ku famase yawo atalembedwa dzina la wodwala mmodzi, zomwe amati white bagging. Phukusi likachedwa, kapena dokotala akasintha mlingo, wodwala amene wayenda mtunda wautali, wapempha tchuthi kuntchito, wapeza womuperekeza, amabwezedwa kuti adzabwere tsiku lina. Palinso brown bagging, pomwe phukusi limapita kunyumba kwa wodwala kuti anyamule yekha, chipatala osadziwa ngati lidakhala padzuwa m'galimoto.

Apa ndiyenera kuwaweruza mofanana. Zipatala ndi madokotala omwe amafuula kwambiri za akhalapakati nawonso mbuzi yawo imadya pomwe aimangirira. Medicare imalipira dokotala mtengo wapakatikati wa mankhwala a diripi kuonjezapo 6 peresenti, ndiye kuti mankhwala akadula gawo lake limakula. Zipatala zikuluzikulu zimalipiritsa inshuwalansi za kuntchito kuwirikiza kangapo mtengo womwe zidagulira, ndipo zina zimagula motchipa kwambiri kudzera mu ndondomeko ya boma ya 340B ya mu 1992 koma osatsitsa bilu. A inshuwalansi akamati white bagging ndi njira yothawira mitengo ya zipatala sakunama kotheratu. Kafamase ka m'chipatala nako kamabweretsa ndalama. Mkangano wa chipatala ndi mkhalapakati, mbali yake ina, ndi wolimbirana phindu la pa kabotolo komweko. Kusiyana komwe ine ndikuona n'kwakuti mmodzi mwa olimbiranawo wamuona wodwalayo m'mawa uno ndipo akudziwa kuti magazi ake atsika.

Mafamase oima paokha ndi a m'zipatala zazing'ono adamvanso kuwawa kwa ndalama zotchedwa DIR, zomwe mkhalapakati ankabwera kudzalanda patapita miyezi mankhwala atagulitsidwa kale, ati potengera kagwiridwe ka ntchito. Miyeso yake nthawi zambiri idali ya mankhwala a shuga, BP ndi mafuta a m'magazi, omwe famase ya khansa sigulitsa n'komwe. Bungwe loyendetsa Medicare lidawerengera kuti ndalama zoterezi zidakwera ndi 107,400 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020, ndipo kuyambira Januwale 2024 lidalamula kuti zizionekera pa mtengo nthawi yogulitsa.

Malamulo akubwera chidutswachidutswa. Mpaka 2018 migwirizano ina inkaletsa wa m'famase kuuza kasitomala kuti kulipira kashi kungamutchipire kuposa kugwiritsa ntchito inshuwalansi. Chaka chimenecho Donald Trump adasainira malamulo othetsa chiletsocho. Chaka chomwecho wofufuza mabuku a boma la Ohio, Dave Yost, adapeza kuti m'chaka chimodzi akhalapakati adalipiritsa Medicaid ya chigawocho madola 224.8 miliyoni kuposa zomwe adapereka ku mafamase. Mu Disembala 2020 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo lidagamula, popanda woweruza wotsutsa, kuti chigawo cha Arkansas chili ndi mphamvu yoika malamulo pa ndalama zomwe akhalapakati amalipira mafamase. Arkansas yomweyo idapita patali mu Epulo 2025, bwanamkubwa Sarah Huckabee Sanders atasainira lamulo loletsa PBM kukhala ndi famase m'chigawomo. Limeneli ndilo lidalunjika pa muzu, pa mwini sikelo kukhalanso mwini golosale. Makampaniwo adathamangira ku khoti, ndipo mu Julayi 2025 woweruza adaliimitsa lisadayambe kugwira ntchito.

Chomwe chasintha moyo wa odwala okalamba koposa ndi lamulo la Inflation Reduction Act lomwe Joe Biden adasainira mu Ogasiti 2022. Kale wodwala wa Medicare ankalipirabe 5 peresenti ya mtengo popanda malire ngakhale atawononga kale zambiri, ndipo pa mankhwala a khansa ngati Revlimid zimenezi zinkapitirira madola 10,000 pachaka. Kuyambira 2025 malire adaikidwa pa madola 2,000 pachaka, omwe adafika 2,100 mu 2026. Lamulo lomwelo lidapatsa Medicare mphamvu yokambirana yokha mitengo ya mankhwala ena odula, ntchito yomwe kale idasiyidwa m'manja mwa a inshuwalansi ndi akhalapakati awo. Imbruvica, wa khansa ya m'magazi, adali m'gulu la 10 oyamba. Ibrance, Xtandi, Pomalyst ndi Calquence, onse a khansa, ali m'gulu lachiwiri, lomwe mitengo yake idakonzedwa kuti iyambe mu 2027. Koma malire a madola 2,000 amateteza thumba la wodwala, sakhudza mtengo womwe mkhalapakati walemba. Chotsalacho chimalipiridwa ndi ena. Ndipo mayi wa zaka 45 wa khansa ya m'mawere amene ali pa inshuwalansi ya kuntchito lamuloli silimufika.

Munthu wotere akakhala pa mankhwala a generic ali ndi khomo limodzi lotulukira: kusiya khadi la inshuwalansi m'chikwama n'kugula kashi ku Cost Plus Drugs kapena famase ina yotchipa. Ambiri amatero, ndipo amene ali ndi m'bale ku America wolemberedwa imatinib, abiraterone kapena mapiritsi ena a khansa omwe adatuluka kale generic achita bwino kumuuza afunse mtengo wa kashi asadavomere phukusi la famase ya apadera. Koma khomolo lili ndi chopunthwitsa chake. Pa inshuwalansi zambiri ndalama yolipira kunja kwa khadi siwerengedwa pa deductible kapena pa malire a chaka. Wodwala khansa ali ndi mabilu ena akumudikira, a sikani, a kupima magazi, a opaleshoni. Ndiye amakhala pansi ndi pepala ndi cholembera kuwerengera ngati kuli bwino kugula piritsi pa mtengo wake weniweni, kapena kulipira mtengo wokwezedwa dala kuti deductible ithe msanga sikani ya mu Epulo isadafike.